Machesi Atanyowa

Lachisanu lililonse, belu la masana likangolira, aphunzitsi athu a Sitandade 5 ankatseka buku, n'kusasa choko m'manja, n'kunena mawu awiri okha: "Tiyeni panja." Belulo lidali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pa mtengo wa bulugamu, ndipo mpaka lero ndikamva chitsulo chikulira motero, miyendo yanga imafuna kudzuka yokha.

Mudali mu 1968, kwathu ku Dedza, pasukulu ina ya mishoni m'tsinde mwa mapiri a Chongoni. Dziko lidali litatha zaka zinayi zokha chilandirire ufulu, ndipo fizi tinkalipirabe ndi masheleni, pakuti kwacha ndi tambala zidadza mu 1971. Ine ndidali ndi zaka 13, wopanda nsapato monga anzanga onse, wokonda masamu ndi kuwerenga, koma woopa tchire ngakhale ndidabadwira m'mphepete mwake.

Aphunzitsiwo adali bambo wa imvi za m'mbali. Ali mnyamata adalembedwa usilikali wa King's African Rifles ku Zomba, ndipo mu 1944 adali m'nkhalango za ku Burma. Za nkhondo sankakonda kukamba. Tikawaumiriza ankangoti kumeneko mvula imagwa miyezi yathunthu osakata, ndipo anzawo ambiri amene adawaona akunyamulidwa pa machira sadagwe ndi chipolopolo ayi, koma malungo, kamwazi ndi zilonda za kumapazi. N'chifukwa chake phunziro lathu loyamba la panja silidali la mikango ndi afisi monga tinkayembekezera. Lidali la madzi. Adatitengera kumtsinje, natunga madzi oyera mbee m'chikho, n'kufunsa amene ali ndi ludzu. Tonse tidakweza manja. Iwo sadanene kanthu, adangotiyendetsa pang'ono chakumtunda, kumene tidapeza ng'ombe zitaima m'madzi omwewo, ndowe zili yandayanda. Tsiku limenelo tidaphunzira kufukula kachitsime mumchenga chapatali ndi pamene madzi akuyenda, kudikira kuti matope adikhe, ndipo ngakhale atadikha, kuwiritsa ndithu.

Masabata otsatira tidayenda dambo lonse ndi tsinde lonse la phiri. Tidadziwa kuti ukaona katope ali biriwiri pakati pa chilimwe, madzi sali patali. Tidasenda luzi la mombo, koma lamulo lidali lakuti usende nthambi, usazungulize thunthu, chifukwa mtengo wouvula khungwa kuzungulira wauphera chiimire. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso usatikite, thamangira madzi ambiri. Mphenzi zikamang'anima usabisale pansi pa mtengo woima wokha. Za chitedze sipadafunike mawu, mnzathu wina adatiphunzitsa ndi kulira kwake. Ngakhale masamu ankatuluka nafe panja. Tsiku lina tidapeza kutalika kwa bulugamu wa belu uja popanda womukwera: tidazika ndodo ya yadi imodzi, tidayeza mthunzi wake, tidayezanso mthunzi wa mtengo, kenaka n'kugawa. Ndodo yomweyo idatiphunzitsanso njira. Ukaika mwala pansonga ya mthunzi wake, n'kudikira kanthawi, n'kuika mwala wina pamene mthunzi wasunthira, mwala woyamba uli chakumadzulo, wachiwiri chakum'mawa.

Koma zambiri mwa zimene tidaphunzira sadachoke nazo ku Burma kapena kukoleji. Ankazitola mwa ife tomwe. Akaima pa chitsamba, funso lawo lidali limodzi: "Kwanu mumachitcha chiyani? Nanga agogo ako amachita nacho chiyani?" Ndiye mayankho ankachokera uku ndi uku, nthawi zina mpaka kutsutsana, iwo akulemba m'kabuku kawo kachikuto chofiira. Apa ndi pamene tidazindikira kuti nzeru za tchire kumudzi kwathu zidali zogawikana pawiri. Atsikana ankadziwa bowa ndi ndiwo zomera zokha, chisoso, luni, denje, bonongwe, chifukwa ankayenda ndi amayi awo. Anyamata tinkadziwa una wa mbewa, kutchera diwa, kupaka ulimbo, kupanga legeni. Mnyamata ankatha kupha kapuku khumi koma osadziwa kuvundula nsima yodyera mbewazo, ndipo mtsikana ankadziwa masamba onse a m'dambo koma osamangapo msasa. Aphunzitsi adaphwanya malire amenewa. Anyamata tidagwira mthiko, atsikana adagwira chikwanje. Kumudzi zidamveka, ndipo makolo ena sadakondwe. Ndikukumbukira bambo wina akudandaula pabwalo la tchalitchi kuti adagulitsa nkhuku kuti mwana wake aphunzire Chingerezi, osati kuti akatole zipatso ngati nyani.

M'kalasi mwathu mudali mnyamata wina amene tinkamutcha Wamtali. Dzina lake lenileni ndilisunga, pakuti ana ake alipo. Adayamba sukulu mochedwa chifukwa adakula akuweta mbuzi za amalume ake, ndipo chaka chimenecho adali ndi zaka ngati 17, akubwereza kalasi. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, mawondo atafika m'chibwano. Akamuuza kuti awerenge ankachita chibwibwi, ife n'kumaseka. Ndidali mmodzi wa osekawo, ndipo chimenechi chimandipweteka mpaka lero.

Loweruka lina kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa kale ndipo masuku ali mbwee pansi, tidanyamuka ana 23, aphunzitsi athu, ndi aphunzitsi aakazi a Sitandade 2 amene adabwera chifukwa cha atsikana. Cholinga chidali kukwera mpaka kuphanga lina la zithunzi, kuphika nkhomaliro kumeneko, n'kutsika dzuwa lisanapendeke. Aliyense adatenga ufa pang'ono m'kansalu. Tidatenganso miphika iwiri, mchere ndi usipa wouma. Aphunzitsi adanyamula chikwanje, wezulo, ndi bokosi la machesi m'thumba la malaya. Kamtsinje ka m'tsinde mwa phiri tidakawoloka tikuseka, madzi akulekeza m'kakolo.

M'njira tidadya masuku mpaka milomo kuchita nthenya, ndipo pachulu china tidapeza utale wotambalala ngati mbale. Mnyamata wina adathamanga ndi bowa wina woyera, wokongola, kuti aponye m'dengu. Msuweni wanga, kamtsikana kosayankhulayankhula, adamugwira dzanja. Adati agogo ake adamuuza kuti bowa amene sukumudziwa dzina umusiye pomwepo, ngakhale akusekerere chotani. Aphunzitsi adavomereza, nawonjeza kuti tisamakhulupirire zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndiye kuti ndi wabwino kwa munthu. Mimba ya nkhono si mimba yathu.

Tidafika kuphanga, tidaphika, tidadya. Woyamba kuona kuti zinthu zasintha adali Wamtali. Adaima pakhomo pa phangalo akununkhiza mphepo, akuyang'ana anamzeze amene ankauluka chapansipansi, kenaka adayandikira aphunzitsi n'kunena motsitsa mawu: "Aphunzitsi, mvula yagwa kale pamwamba." Kumene tidali kudali kusanadonthe. Tidalongedza msanga n'kuyamba kutsika, koma tisanafike pakati mvula idatipeza, ya matalala, yokwapula ngati chikoti. Titafika pakamtsinje kaja sitidakazindikire. Madzi adali ofiira, akukokoma, akugubuduza miyala ndi zitsa. Ndipo nkhungu idayamba kutsetsereka kuchokera pamwamba, mwakuti mitengo ya tsidya lina idazimirira tikuiona.

Mantha adandigwira pakhosi. Anyamata angapo, ine ndili pomwepo, tidayamba kuvula malaya kuti tiwoloke, poganiza kuti kumudzi ndi pafupi ndipo usiku wa kuphiri sitingaupirire. Aphunzitsi sadakalipe. Adatola chipika chachikulu ngati ntchafu ya munthu wamkulu n'kuchiponya pakati pa madzi. Chidamira, chidatulukira patali, chidamenya mwala, osaonekanso. Kenaka adati, "Khalani pansi nonse." Tidakhala m'matope momwemo. Adatiuza kuti aliyense atchule dzina lake mokweza, mmodzimmodzi, mpaka 23 adakwana. Pamene womaliza ankatchula dzina lake, mtima wanga udali utatsika. Ndi pamene adatiuza mawu amene ndawanena kwa ana anga ndi adzukulu anga kosawerengeka, akuti munthu wosochera kawirikawiri amaphedwa ndi miyendo yake yomwe. Madzi odza ndi mvula ya pamwamba amapita monga adadzera, ofunika ndi kuwadikira pouma.

Tidabwerera kuphanga titagwira chingwe cha luzi chimene tidapota m'mawa, ang'onoang'ono ali pakati, Wamtali patsogolo, aphunzitsi pambuyo. Pofika, mdima udali utayamba. Amene amadziwa Dedza akudziwa kuti ngakhale m'dzinja, ukanyowa pamwamba pa phiri mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Kamtsikana kena kadali njenjenje, mano akugundana, milomo itasintha mtundu. Moto wa masana tidali titauzima bwinobwino ndi madzi ndi dothi, monga adatiphunzitsira. Aphunzitsi adatulutsa machesi. Bokosi lidali phala. Adayesa kamtengo koyamba, mutu wake udanyenyeka. Kachiwiri chimodzimodzi. Adayesa mpaka komaliza, kenaka adatiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidaona nkhawa pankhope pawo. Adafunsa kuti, "Ndani mwa inu adapekapo moto?"

Padali zii. Tonse tidamvapo za kupeka moto m'nthano za agogo, koma machesi adali atafika m'magolosale kalekale. Kenaka kumbuyo kudamveka mawu: "Ine, Aphunzitsi. Kubusa."

Ndikatseka maso ndimamuonabe. Adakwawira mkati mwenimweni mwa phanga, kumene mvula sifika, akupapasa ndi manja, natuluka ndi nthambi youma ya mkuyu, kamtengo kena kowongoka ngati muvi, chisa chakale cha mbalame ndi zitosi zouma za mbira. Adabwereka chikwanje, nasema nthambi ija kuti ikhale yaphanthiphanthi, naboola kadzenje, nadula kampata m'mbali mwake kuti fumbi lotentha lizigwera pa tsamba louma limene adayala pansi. M'kadzenjemo adathiramo timchenga tiwiri titatu. Adaponda nthambiyo ndi mapazi onse awiri, naika kamtengo kaja pakati pa zikhato, n'kuyamba kupeka, manja akutsika, akukwera, akutsika. Atatopa adati, "Wina alandire, koma asaimitse." Wachibwibwi uja tsopano ankalamula, ndipo tonse tinkamvera, ngakhale aphunzitsi amene adagwada n'kulandira kachitatu. Ine ndidalandira kachinayi, ndipo zikhato zanga zidatuluka matuza nthawi yomweyo. Kawiri konse utsi udatuluka n'kuzilala. Kachitatu Wamtali adandikankha pang'ono, nagwira yekha, napeka mwaliwiro, thukuta likudontha pachibwano mphepo yonse ija. Fungo la mtengo wopserera lidadzaza phanga. Adaima, nanyamula tsamba lija mosamala ngati wanyamula dzira, nakhuthulira kakhala kochepa ngati njere ya mawere m'chisa chija, n'kuyamba kuuzira pang'onopang'ono, pang'onopang'ono. Lawi litabuka, aphunzitsi aakazi aja adaimba nthungululu imene idagunda miyala n'kubwerera.

Tidaumitsa zovala mosinthana. Madzi tidatchera pamene ankadontha kuchokera pathanthwe, tidawiritsa, tidaphika nsima yofewa ndi ufa wotsala, ndiwo zake utale wa msuweni wanga wothira mchere wokha. Ndadya m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa zaka zanga za ntchito, koma ndiwo ija sindidaipezenso.

Moto utakula, zithunzi za pakhoma zidaoneka mwina, zosiyana ndi masana. Padali zofiira, mizere ndi timikombero, ndipo pamwamba pake zoyera, zonga nyama zotambasula miyendo. Aphunzitsi adati zofiirazo adajambula ndi Akafula, anthu aafupi amene makolo athu adawapeza m'dziko muno, amene nthano zimawatcha Amwandionerapati. Adati anthu amenewo adagona pamene tagonapa, adapeka moto monga wapekera mnzathuyu, ndipo adalera ana awo ndi zimene phiri limapereka. Mnyamata wina atafunsa za zoyerazo, aphunzitsi aakazi adamudula: "Izo n'za akuluakulu, ukadzakula udzamva." Palibe adaloledwa kukhudza khoma. Patapita zaka zinayi, mu 1972, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark adakumba paphanga la Mwana wa Chentcherere m'dera lomwelo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malo 127 a zithunzi za ku Chongoni m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Nditamva pawailesi ndidakumbuka utsi wathu, n'kuthokoza kuti aphunzitsi adaumirira kuti moto tisonkhe pakhomo, kutali ndi zithunzi.

Chapakati pa usiku nkhungu idayera, ndipo kuchokera kumunsi tidamva ng'oma. Kumudzi ankatifuna. Aphunzitsi adaliza wezulo katatu, kupuma, katatunso, ndipo tidawonjeza nkhuni kuti moto uoneke patali. Ng'oma idasintha kaliridwe, tidadziwa kuti ationa. Tidalondera moto awiriawiri. Gawo langa lidagwa m'bandakucha, pamodzi ndi Wamtali. Fisi adalira kutsidya kwa chigwa, ine ndidamugwira mkono. Iye adangoti fisi wolira ali kutali ndipo moto amauopa, nandilozera nyenyezi zimene ankawerengera nthawi ali kubusa. Sadanene kanthu za kuseka kwanga kwa m'kalasi. Kutayera, amuna a m'mudzi adafika, amalume anga ali patsogolo ndi nkhwangwa paphewa. Kamtsinje kaja kadali katabwerera m'mawondo.

Masana a tsiku lomwelo, anthu atatuluka m'tchalitchi, nkhani idapita kubwalo. Amayi ena adali atalira usiku wonse, ndipo mawu adali otentha. Aphunzitsi adavula chipewa, nakhala pansi pamaso pa amfumu, navomera kuti adalakwa kukwera phiri ndi ana mvula itayamba. Sadadziteteze ndi liwu limodzi. Amene adatembenuza mlandu adali agogo ena aakazi, amene adati mdzukulu wawo wabwera wamoyo, wokhuta, ndipo akudziwa chimene atate ake omubala sadziwa. Amfumu adagamula kuti maphunziro a panja apitirire, koma maulendo a kuphiri azichitika m'chilimwe, ndipo pazikhala mkulu mmodzi wa m'mudzi.

Sindinena kuti zonse zimene tidaphunzira masiku amenewo zidali zolondola. Za njoka adatiuza kuti mphiri ikakuluma umange mwendo kolimba, utemepo ndi lumo, uyamwe ululu. Umo ndi mmene ankaphunzitsira nthawi imeneyo. Lero achipatala akuti zonsezo zimawonjeza vuto: wolumidwa akhale phee, chiwalo chisagwedezeke, anyamulidwe msanga kupita kuchipatala. Ndikhulupirira kuti aphunzitsi athu akadamva zimenezi akadatulutsa kabuku kofiira kaja n'kukonza, chifukwa sadali munthu wochita manyazi kuphunzira.

Adzukulu anga amaphunzira ku Lilongwe. Amadziwa zambiri zimene ine pa msinkhu wawo sindinkazilota, ndipo ndimanyadira. Koma tchuthi china nditapita nawo kumudzi, wamkulu, wa Sitandade 7, adandifunsa ngati masuku amamera pansi ngati mbatata, pakuti adangowaona m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Sindiimba mlandu aphunzitsi a lero. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo chidali chinthu chabwino, chifukwa ana ngati Wamtali sadachedwenso pakhomo posowa ndalama. Koma mphunzitsi mmodzi wa ana 100 angawatengere bwanji kumtsinje? Ana ambiri lero amaphunzira panja ndithu, pansi pa mtengo, chifukwa zipinda n'zochepa, koma maso ali pabolodi, ndipo mtengo umene ukuwapatsa mthunzi sadziwa dzina lake. Kumene kuli magulu a Scouts, a Girl Guides kapena makalabu a zachilengedwe, kamoto kaja kakadafuka, ndipo ndimalemekeza aphunzitsi amene amapereka Loweruka lawo pa zimenezi popanda malipiro. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'mudzi uliwonse mukadali agogo odziwa bowa, odziwa mitambo, odziwa khalidwe la mtsinje wawo, ndipo sukulu ili poteropo, koma palibe amawaitana. Namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri kummwera mu Malichi 2023, ndidakhala pawailesi masiku atatu, ndikuganiza za chipika chija chimene aphunzitsi adaponya m'madzi.

Wamtali mayeso a Sitandade 8 sadakhoze. Adalima mbatata ya kachewere, kenaka adagwira ntchito yolondera nkhalango zaka zambiri, ndipo tidakhala pa ubwenzi mpaka tsiku limene ndidathira dothi pamanda ake. Aphunzitsi adatsogola kalekale. Kabuku kofiira kaja ndidakafunsa kwa ana awo, koma kadatayika posamuka.

Lolemba lotsatira usiku wa kuphanga uja, tidalowa m'kalasi zikhato zili zomangamanga ndi tinsalu. Aphunzitsi adalowa, tidaimirira, tidapereka moni. Iwo sadapite kubolodi. Adayenda mpaka kumbuyo, napatsa Wamtali choko, nati, "Lero mphunzitsi ndi uyu." Kenaka adapinda miyendo yawo n'kukhala pamalo pake, pakati pa ife. Wamtali adapita kutsogolo akukoka mapazi. Adaima nthawi yaitali, akuyang'ana choko, akuyang'ana bolodi, milomo ikunjenjemera. Palibe adaseka. Kenaka adaika choko chija patebulo mwaulemu, nayang'ana kukhomo, nati, "Tiyeni panja."